Parachuti ya a Nankhoma

Braunstone, Leicester
12 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ku Bangweko? Miyendo ija yasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa layamba ulesi, likumalowa tisanaweruke. Ndalemba zilembo zikuluzikulu poti munati za pa foni zija ndi nyerere. Kalatayi ndi phukusi akubweretserani a Sohail, mchimwene wa anti Khairunisa a shopu ya nsalu kuno ku Leicester aja.

Ku yunivesite kuno ndalowa timu ya ophunzira opanga roketi. Musadzidzimuke, si ya nkhondo. Ndi chitoliro chachitali kuposa achimwene a Chiukepo, chosongoka kumutu, cha zipsepse kumunsi. Timaikamo injini ya mankhwala oyaka, timayatsa titaima patali, ndiye chimakwera mpaka osachionanso. Mu Juni kuli mpikisano wa mayunivesite, ndipo kukwera kokha sikokwanira, roketi iyenera kutera yosasweka. Ikafika pamwamba imatseguka pakati n'kutulutsa parachuti, yomwe ndi ambulera ya nsalu yopanda chogwirira, yoitsitsa pang'onopang'ono. Ambulerayo ikakana, ntchito ya chaka chonse imabwera chamutu n'kudzikwirira yokha m'munda mwa eni.

Ntchito ya parachuti andipatsa ine. Anzanga amati tigule ya m'shopu. Ine ndinaimirira n'kunena kuti mayi anga ndi telala, anayamba kusoka pakhonde la sitolo ku Limbe ine ndisanabadwe, ndipo palibe fakitale ingawapose. Dylan, mtsogoleri wa timu, anaseka. Ndiye Amayi, kuseka kumeneko ndikufuna akumeze.

M'phukusimo muli nsalu ya nayiloni yaolenji, ulusi wake, mapepala odulira ndi miyezo. Chonde tsatirani miyezoyo ndendende. Osawonjezera, osachotsera. Malo m'chitoliromo ndi ochepa kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Mayankho


Bangwe
3 Novembala 2024

Mayankho mwana wanga,

Moni wako ndalandira, phukusinso lafika. Ife tilipo, miyendo ikuyenda. Sohail ndinachita kumuzindikira ndi mawu. Mwana amene ndinkamusokera akabudula a sukulu pakhonde la bambo ake, lero akuti ali ndi zidzukulu.

Ndiye unapita ku Mangalande kukaphunzira za mainjini, mapeto ake ukugwada kwa telala wa pakhonde? Ndaseka mpaka a Phyllis oyandikana nawowa abwera kudzafunsa ngati kuli bwino. Si iwe unkathawa ndikati gwira tepi? Unkati kusoka ndi ntchito ya olephera sukulu. Usaganize kuti ndinaiwala.

Nsalu yakoyi ndi yamwano. Imaterera ngati sopo, singano ikamafika iyo yachoka. Koma ndakumana ndi nsalu zamwano zambiri ndipo zonse zinagonja. Ndiisoka. Dilani wakoyo umuuze asunge mano akewo, adzawafuna.

Mchimwene wako anabwera ndi nkhani yake ija, yoti ndisiye makina ndikakhale kwake ku Lilongwe ndizikapuma. Kupuma n'kumatani? Kuyang'ana mpanda wa njerwa mpaka kufa? Akuti maso anga atha, chifukwa choti ndinamupempha kamodzi kokha kuti andilowetsere ulusi pa singano. Ndamuuza kuti makinawa adzatuluka m'nyumba muno tsiku lomwe ine ndidzatuluke atandinyamula.

Uzivala zofunda. Makalata uzijambula n'kutumiza pa foni ya a Phyllis, amakandisindikizira papepala.

Mayi ako


Lilongwe
20 Novembala 2024

Mlongo wanga Mayankho,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife tonse tilipo, ana akukupatsa moni.

Sindikulemba kuti tikangane, koma wandikhumudwitsa. Iwe uli kutali, umawaona Amayi pa foni atamanga duku bwinobwino n'kumati zonse zili m'malo. Ine ndinawapeza akucheza ndi a Phyllis, chonsecho a Phyllis anali atalowa kale m'nyumba, pachingwe pangotsala chitenje chawo. Makasitomala akuchoka mwakachetechete chifukwa amawalemekeza. Diresi lina la ukwati linabwezedwa, iwo n'kumati mkwatibwiyo ndiye wokhota.

Mnzanga wina wa zachipatala akuti mwina ndi ng'ala, ndipo imachotseka. Koma Amayi akukana kupita, akuti ndi msampha wanga woti akadzabwerako adzapeze makina palibe. Ine ndikulimbana ndi zimenezi, iwe n'kuwatumizira zoseweretsa zako kuti azikhalira kuwerama pa singano tsiku lonse?

Ndapeza kale sukulu ya ntchito zamanja yofuna makinawo. Ikangotha ambulera yakoyi ndikukawatenga Amayi, afune asafune. Wina ayenera kukhala wankhanza m'banja muno, ndipo ndaona kuti mwasiyira ine.

Chiukepo


Bangwe
9 Januwale 2025

Mayankho,

Moni wa chaka chatsopano. Ambulera yako ndatha, Sohail akubwerera nayo.

Miyezo ndatsatira, koma pali zina zomwe mapepala akowo sadziwa. Chinthu chotsika kuchokera kumitambo sichingadalire kansalu kamodzi kopyapyala ngati khoko la anyezi. M'kati mwake ndaikamo nsalu yachiwiri, layining'i ya chitenje changa cha mbalame zobiriwira chija, chomwe ndinavala pa ukwati wa mchimwene wako. M'mphepete ndapinda kawiri n'kusiyamo nsalu yokwanira, kuti roketi yanuyo ikadzakula mudzangofutukula. Mayunifolomu anu ndinkasoka choncho, ndipo palibe inang'ambika.

Ukailandira undiuze zomwe wanena Dilani. Ndikufuna mawu ake enieni.

Mayi ako


Bangwe
16 Febuluwale 2025

Mayankho,

Kaya uli moyo, kaya chisanu chakuumitsa zala, ine sindikudziwa. Ife tilipo.

Sohail anafika kalekale, Khairunisa anaimba foni kuti phukusi anakupatsa m'manja. Iwe zii. A Phyllis atopa nane, m'mawa uliwonse ndimakawafunsa ngati foni yawo yalankhula. Ukaimba umangofunsa za miyendo, ndikati nanga ambulera, umati netiweki.

Ngati ntchito yanga yakuchititsa manyazi pamaso pa azungu ako, nena. Sindine mwana. Mchimwene wako wayamba kale kundiyankhula ngati munthu wodwala, mawu ofewa onyansa aja, ndipo akuti kukhala chete kwakoko ndi yankho. Ngati mwagwirizana awirinu, mundiuze masana ano, osati kumandisekerera kumaso.

Mayi ako


Braunstone
23 Febuluwale 2025

Okondedwa Amayi,

Pepani, ndalakwa. Ndili bwino, ndipo palibe chomwe ndagwirizana ndi achimwene. Ndinangosowa poyambira.

Parachuti ndi yokongola. Anti Khairunisa atangoona chitenjecho anagwetsa misozi, akuti akumbukira khonde la bambo awo ndi phokoso la makina anu. Koma Amayi, siikulowa. Tinaipinda njira zonse, tinaikanikiza atatu, inangolowa theka, ina ili lende panja ngati malaya osapisira. Ikulemeranso moti roketi singafike pomwe tikufuna. Roketi sikula, Amayi! Si mwana wa Sitandade 1. Ndinalemba kuti osawonjezera, ndinachita kudula mzere kunsi kwake.

Mwafunsa mawu enieni a Dylan. Sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anaisisita mwaulemu n'kunena kuti ndi yabwino kwambiri, tiipachike pakhoma anthu aziona, tiode ya m'shopu. Ndinamuuza kuti mayi anga sasoka makatani, ndipo parachuti imeneyi iuluka. Andipatsa mpaka kumapeto kwa Malichi, tsiku lotesita. Ikapanda kulowa pofika tsikulo, ndagonja.

Njira ndi imodzi, kuchotsa layining'i. Ndinakwera basi kupita kushopu ya nsalu ya anti Khairunisa kuti andithandize. Anabweza manja kumbuyo ngati ndawapatsa khala la moto. Anati, “Iwe mwana, ine ndimasule ulusi wa a Nankhoma? Bambo anga omwe sankayerekeza, chonsecho khonde linali lawo. Akalola eni ake, ubwere nayo.”

Ndiye ndikupempha. Lolani, Amayi. Nayiloni yomwe mwasoka itsala momwemo, tingochotsa chitenje chokha.

Mwana wanu,
Mayankho


Bangwe
2 Malichi 2025

Mayankho,

Ndamva, ndipo ndathokoza kuti pakamwa patseguka. Yankho ndi ayi.

Munthu akabwera ndi diresi losalowa, ine ndimakulitsa diresi, sindicheka munthu. Inu ambulera yakana kulowa, kulitsani chitolirocho. Muli ophunzira angati kumeneko, nonse osaganiza zimenezi? Kodi amakuphunzitsani chiyani?

Khairunisa analeredwa bwino. Chiyambire kupalasa makina palibe anamasulapo msoko wanga, ndipo sayamba ndi mwana wobala ndekha amene sadziwa n'komwe kugwira sizasi. Ngati siikukukwanirani, ipinde monga inabwerera, uisunge mpaka apezeke wobwera kuno. Usaitsegule m'kati. Ndanena, usaitsegule. Ukaigwira ndi lezala, usadzandipemphenso kanthu.

Mayi ako


Braunstone
30 Malichi 2025

Achimwene,

Muli bwanji, alamu ndi ana? Ndikudziwa kuti kalata yanu ya Novembala sindinayankhe. Ndinakwiya. Lero ndikuyankha.

Lamulo la Amayi ndaphwanya. Lamulungu lapitalo nditabwera kutchalitchi ndinatenga lezala, ndinakhala pansi m'chipinda mwanga, n'kuyamba kumasula. Ndinkamasula ndi mkwiyo, ndikudziuza kuti nkhalamba imeneyi makani aiwonongera mwana wake chaka chonse. Chitenje chitachoka ndinatembenuza nayiloni ija, ndipo mkwiyo unathera pomwepo.

Achimwene, misoko yake ndi yokhota. Mukukumbukira mizere ya Amayi, yomwe aphunzitsi ankatiitana kutsogolo kuti anzathu aone kolala? Iyi ikupita uku ndi uku. Pena aphonya m'mphepete, abwerera, adutsanso, n'kudutsanso kachitatu kuti atsimikize. Zikuoneka kuti ankatsata nsalu ndi chala, osati ndi diso. Layining'i ija sanaiikire kulimbitsa kokha. Ankabisa. Ndinalira mpaka mnzanga wa chipinda china anagogoda. Munkanena zoona, ndipo zandiwawa kuti munkaziona nokha.

Koma musathamangire kunyada. Ndinapita nayo kwa anti Khairunisa. Anandikalipira kaye, kenako anavala magalasi n'kukoka msoko uliwonse ndi mphamvu zawo zonse. Anati, “Maso apita, koma manja akadalipo.” Dzulo tinakaitesita pamsewu wa pafamu ina kunja kwa tauni. Inalowa m'chitoliro bwinobwino. Kenako tinaimangirira kumbuyo kwa galimoto ya Dylan, iye n'kuponda moto. Inatseguka ndi phokoso, inakoka mpaka chingwe kulira, koma ulusi ngakhale umodzi sunaduke. Dylan anaitembenuza n'kunena kuti mizere yake ikuoneka ngati wajambula ndi mwana, ndipo oyang'anira mpikisano akhoza kuikana. Ndinamuuza kuti akaikana adzandikanire pamodzi ndi ine. Tinavota, ndipo iuluka.

Tsono mverani. Makina musawagwire. A kusukulu anuwo akapeze kwina. Munthu amene wasoka chinthu chotere ali mumdima simungamukhazike pakhonde panu kuti azingopisa manja. Mukawachotsa makinawo, pakhomo panu sindidzapondapo. Za chipatala ndiwauza ine, koma ndiwauze ndili ndi kanthu m'manja. Pakadali pano musawatchulire za lezala.

Mlongo wanu,
Mayankho


Lilongwe
6 Epulo 2025

Mayankho,

Tili bwino. Kalata yako ndawerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndekha m'galimoto.

Ukundiopseza ngati kuti ine ndi mdani. Iwe ndi Amayi ndinu amodzi, makani okhaokha. Chabwino, ndidikira mpaka Juni. Koma ambulerayo akaikana, kapena ikakana kutseguka, iweyo ndi amene udzawauze ndi pakamwa pako kuti nthawi ya makina yatha. Sindidzakunyamulira katundu ameneyo.

Amayi sakukutchula dzina. Akuti ali ndi mwana mmodzi wamwano ku Lilongwe ndi wina wosalankhula ku Mangalande.

Chiukepo


Braunstone
22 Juni 2025

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ndikudziwa kuti mwandikwiyira, koma kalata iyi muwerenge mpaka kumapeto. Ngati zilembo zikuvuta, a Phyllis akuwerengereni.

Dzulo tinali kumpikisano, kumunda wina waukulu cha ku Lincolnshire, dziko lathyathyathya lopanda ngakhale chulu. Roketi iliyonse isanauluke imadutsa kwa woyang'anira chitetezo. Wathu anali mkulu wina wandevu, wosaseka. Anafutukula parachuti patebulo, anayendetsa chala chake pa msoko uliwonse, n'kufunsa kuti anasoka ndani. Anzanga onse anayang'ana pansi. Ine ndinati, “Mayi anga, a Nankhoma, telala wa ku Limbe.” Anakoka, anakokanso, anaiunika padzuwa. Kenako anati tiipinde tikaulutse.

Itayaka inalira ngati mukung'amba nsalu yatsopano, koma phokoso lake lomveka m'chifuwa. Inasiya utsi woongoka n'kusowa. Tonse makosi m'mwamba. Amayi, ndinaganiza za inu, za makina, za mawu omwe ndikanayenera kudzakuuzani. Kenako wina anakuwa akuloza, ndipo ndinaona kadontho kaolenji. Inatseguka! Inkatsika ikuzungulira pang'ono, yopendekera mbali imodzi ngati mayi wosenza ndowa, koma inkatsika mwaulemu. Inatera m'munda wa tirigu. Tinathamanga ngati amisala, tinaipeza roketi yagona phee, yosasweka paliponse.

Sitinawine. Kutalika tinaperewera, ndipo vuto limenelo ndi lathu, osati lanu. Tinakhala achinayi. Dylan anati ndikuuzeni kuti zikomo, mawu amenewa anawatchula m'Chichewa, ngakhale anawapotoza.

Tsopano zoona zake. Ndinamasula layining'i ija, Amayi. Ndekha, ndi lezala, mu Malichi. Chitenje cha mbalame ndinachimanga m'chiuno dzulo pamwamba pa thalauza, azungu akundiyang'ana, ine osasamala. Ndipo ndinaona zomwe zinali kunsi kwake. Ndinaona zonse. Simunafune ndione, koma sindikupepesa, chifukwa chomwe chinatsitsa roketi yathu ndi misoko yomweyo.

Makina sachoka. Achimwene ndathana nawo, ndipo akayerekeza adziwa kuti ndine mwana wa ndani. Koma inu mupite kuchipatala. Chaka chamawa tikupanga roketi yaikulu kuposa iyi, ndipo parachuti ya m'shopu sindikuifuna. Ndikufuna telala wanga, ali ndi maso ake.

Ndatumiza zithunzi pa foni ya a Phyllis.

Mwana wanu wamwano,
Mayankho


Bangwe
14 Seputembala 2025

Mayankho,

Ndakhala chete dala, kuti umve mmene zimawawira. Uli bwanji? Ife tilipo.

Ndinapita. Usadzitame, ndinapita ndekha, palibe anandikakamiza. Mchimwene wako analumbira kuti makina sawagwira, koma ine ndinamasula mutu wa makina, ndinaukulunga m'bulangete, n'kupita nawo. Unagona kunsi kwa bedi langa m'chipatala. Anamwino anaseka, ine ndinawauza kuti mwana wanga wamwamuna ndimamukonda koma sindimukhulupirira.

Achotsa ng'ala diso limodzi, linalo akuti mwezi wamawa. Atamasula bandeji, choyamba kuona chinali imvi za Chiukepo. Sindinkadziwa kuti mwana wanga ali ndi imvi. Ndinamugwira mutu.

Nditabwerera kunyumba a Phyllis anandipatsa zithunzi zako zija. Poyamba ndinkangoona kuwala kwaolenji, n'kumavomera kuti n'zokongola. Tsopano ndaziona. Pali china chomwe munajambula pafupi, ambulera itayalidwa patebulo la wandevu uja. Ndinakhala nacho pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkadziwa kuti yakhota, zala zinkandiuza, koma sindinkadziwa kuti yakhota chonchi. Mayankho, iwe unaona zimenezi, n'kuziyala pamaso pa anthu, n'kutchula dzina langa mokweza? Unalibe manyazi?

Za lezala sindinakukhululukire. Koma ndalira, ndipo sikunali kulira kwa mkwiyo.

Tsono imva. Sohail akubweranso mu Novembala. Umupatse ambulerayo abwere nayo. Ndiimasula ndekha msoko ndi msoko, ndiisokenso monga amasokera a Nankhoma. Sindingalole chinthu chotere chizikhala kunja kwa dziko ndi dzina langa.

Mayi ako


Braunstone
21 Seputembala 2025

Okondedwa Amayi,

Ndili bwino, ndipo ndavina ndekha m'chipinda nditamva za diso. Linalo musathawe.

Za parachuti, yankho ndi ayi. Ili pakhoma m'chipinda chomwe timapangira maroketi, ndipo ndinaipachika ndekha, misoko kuyang'ana kunja. Ophunzira atsopano akafunsa, ndimawauza amene anasoka ndi mmene anasokera. Palibe adzaigwire ndi lezala, ngakhale inu.

Mukafuna misoko yowongoka, sokani ina. A Sohail akubweretserani nsalu ndi miyezo ya roketi yatsopano ija. Ndalemba zilembo zing'onozing'ono, poti tsopano muziwerenga.

Layining'i ayi, Amayi.

Mwana wanu,
Mayankho